Dzira Silinaphe Mlongo Wanga

Ndinadzuka kusanache, msana utauma ngati thabwa chifukwa chogona pasimenti. M'chipinda chochezera amayi a kwaya anali atatopa ndi kuyimba, ena akuliza mkonono atatsamira khoma, ena atagona mopingasana miyendo. Panja amuna anali adakali pamoto, ngakhale kuti mwezi wa Okutobala ku Livingstone moto umangowonjezera mavuto. Ndinawamva akutsutsana za njovu zomwe zinathyola mpanda wa dimba ku Linda. Pamaliro anthu amakamba chilichonse bola kuche.

Magetsi anali atathima kuyambira dzulo lake, choncho insulini yanga ndinali nditaikulunga m'kansalu konyowa m'chikwama. Ndinalumpha miyendo ya anthu, ndinalowa m'bafa, ndinadziwunikira ndi foni n'kudzibaya pamimba monga ndimachitira m'mawa uliwonse. Kenaka ndinatulutsa dzira lowiritsa ndi mtedza zomwe ndinachokera nazo kunyumba kwanga ku Dambwa North. Ndinadya nditaimirira, chitseko chili chokhoma, ngati wakuba. Zinandikwiyitsa kwambiri, chifukwa m'nyumba ya mlongo wanga dzira linali litasanduka mfiti.

Womwalirayo anali Mubita, mlongo wanga wamkulu, woyendetsa minibasi ya ku Dambwa. Anagwa pasiteji atangoimitsa galimoto, dzanja lili pachifuwa, ndipo pofika naye kuchipatala anali atatisiya. Adokotala anatiuza kuti mitsempha ya mtima inatsekeka ndipo shuga anali atakwera koopsa. Anasiya mkazi, Mutinta, ndi ana awiri a sukulu. Tsiku lomwelo mkulu wathu, ba Inonge, anakwera basi ku Mongu, ndipo anafika ali ndi chigamulo kale m'kamwa. Anati Mutinta wapha mwamuna wake ndi mazira.

Nkhaniyi inayamba m'nyengo yozizira. Mubita ndi ine tinatengera matenda a shuga kwa atate athu, ndipo tinkapita kukiliniki limodzi. Anamwino anatiphunzitsa kuti shuga akakhala wokwera m'magazi kwa zaka zambiri amawononga mitsempha, ndipo mtima ndi womwe umavutika. Anati dzira limodzi si limene tiyenera kuliopa kwambiri, koma zotsekemera, nsima yodzaza mbale, nyama yamafuta yokazinga, ndiponso kusiya mankhwala. Mutinta anamva zonsezo kuposa ife odwalafe. Ankam'patsa mwamuna wake dzira lowiritsa m'mawa, masamba ambiri, nsima yochepa, tiyi wopanda shuga. Mubita ankadandaula kuti akudya ngati mbuzi, koma ankayenda bwino.

Ndiye ba Inonge anabwera kudzacheza mwezi wathunthu. Iwo ndi amene anatilera amayi atamwalira, ndipo chikondi chawo n'cholemera, chimakhala pamutu pako. Anali atamva pafoni kuti m'mazira muli kolesitelo wotseka mtima, ndipo mawu amenewo anawagwira ngati vesi. Chilichonse cholembedwa kuti mulibe kolesitelo chinasanduka mankhwala kwa iwo. Anam'gulira mabanzi n'kumawapaka majarini wochindikala, anam'gulira juwisi wa m'mabokosi, anam'phikira mpunga wa ku Mongu mbale phamphu. Anabweranso ndi botolo la mizu, n'kumuuza kuti jekeseni ikalowa m'thupi munthu sachiranso. Mubita, munthu wa njala ya pamsewu, anakondwa. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Anandiuza yekha tsiku lina nditam'funsa chifukwa chake sakuonekanso kukiliniki. “Iwe Monde, nalema na manyeleti. Ba sisi bananipasa mankwala, manje nimvela chabe bwino.” Ndinam'kalipira pasiteji pomwepo makondakitala akumva, ndipo madzulo ake ndinakauza Mutinta. Mkazi uja analira, anagwada, anam'chonderera mwamuna wake. Mubita analonjeza kuti ayambiranso jekeseni, koma ankangolowa kuchipinda n'kutulukamo akupukuta pamimba ngati wadzibaya. Ba Inonge sankadziwa kuti inenso ndimadzibaya, chifukwa sindinkafuna botolo la mizu pakhomo panga.

Kutacha, amayi anayatsa moto kuseri kwa nyumba. Nkhuni zinali za mopane, ndipo utsi wake unkalowa m'maso mpaka sukanadziwa amene akulira maliro ndi amene akulira utsi. Mayi wina wa mpingo anabwera ndi thireyi ya mazira ngati chipepeso. Ba Inonge anam'chingamira pageti. Sanayankhule Chilozi chathu, anasankha Chinyanja kuti aneba onse amve.

“Mu nyumba muno kulibe kupika mazira. Yapaya kale umozi.”

Mayi uja anabwerera nayo thireyi yake manyazi atam'gwira. Ba Inonge anapita pamoto n'kukhuthulira paketi yonse ya shuga m'ndowa ya tiyi, anatakasa ndi mthiko, n'kulamula kuti agawe mabanzi. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana, mtima ukuwira. Mutinta anali m'chipinda, atakhala pamatiresi pansi, mutu utafundidwa chitenje. Khoma la nyumba za ku Dambwa silisunga mawu, ndiye anamva zonse. Kuyambira tsiku lomwe mwamuna wake anamwalira anali asanayankhule ndi munthu.

Ophika ambiri anali amayi a Chitonga. Kuno Atonga ndi Alozi ndi apachimbuya, ndipo pamaliro a Mlozi Mtonga amagwira ntchito yolemera, komanso ali ndi ufulu wonena chilichonse popanda womugwira pakamwa. Amakupaka ufa kumaso uli mkati molira, amakunyoza, ndipo iwe suyenera kukwiya. Mmodzi mwa iwo, mayi wonenepa wogulitsa tomato kumsika, analawa tiyi uja n'kulavula.

“Imwe ba Lozi, iyi ni tiyi olo ni uchi? Mufuna tikumbe manda yangati lelo?”

Anthu anaseka, ba Inonge nawonso anamwetulira mokakamiza. Ine sindinaseke, koma ndinam'konda mayi ameneyo kuyambira pomwepo.

Dzuwa litangokwera pang'ono anthu anayamba kudzaza. Anabwera oyendetsa maminibasi atavala malaya oyera omwe sindinawaonepo nawo, makondakitala atapesa tsitsi, amayi a kumsika, aphunzitsi a ana, achibale ochokera ku Sesheke ndi ku Senanga nkhope zili fumbi lokhalokha. Tenti inadzaza, ena anakhala pansi pa mtengo wa mango wa aneba. Kumwamba kunalibe kamtambo ngakhale kamodzi. Kutentha kunkachokera m'mwamba ndi pansi pomwe, ndipo madzi a m'migolo anafunda asanamwedwe.

Tisananyamuke, amalume anatiitanira ife a banja kuseri kwa chimbudzi, komwe kunali kamthunzi. Iwo ndi amene ankayenera kunena mbiri ya womwalira kumanda. Ba Inonge anawauza zoti anene: kuti Mubita wafa ndi chakudya cha m'nyumba mwake. Anatinso poika nkhata zamaluwa, mkazi asaitanidwe koyamba monga zimakhalira, ayambe ana ndi alongo, ndipo maliro akatha abwerere kwawo ku Kalomo, ana atsale ndi ife. Ndinayesa kuyankhula. Amalume anakweza dzanja n'kunena kuti lero si tsiku la milandu, ndipo ine ndine wamng'ono. Ndinawayang'ana ndipo ndinaona kuti sakukhulupirira zonse, koma ankaopa ba Inonge monga tonse takhala tikuwaopera kuyambira ubwana.

Ndinadziwa tanthauzo lake. Mawu onenedwa pamanda safufutika. Mutinta akanayenda nawo kumsika, kutchalitchi, kulikonse, ndipo ana ake akanakula akumva kuti amayi awo anapha atate awo ndi mbale. Ndinabwerera kutsogolo ndili wokwiya.

Tinakatenga thupi kumochale n'kupita nalo kutchalitchi. Malata a denga ankathetheka ndi kutentha, ndipo amayi ankadzikupiza ndi mapepala a nyimbo. Abusa analalikira za fumbi lobwerera kufumbi. Itakwana nthawi yoona nkhope, ndinapita ndi Mutinta, ine mbali ina, mng'ono wake mbali ina. Mubita anaoneka wowonda, masharubu atawadula molakwika. Ndinamukwiyira ali m'bokosi momwemo, ndipo sindichita manyazi kunena. Anali munthu wamkulu, anadziwa zonse zomwe ine ndikudziwa, koma anasankha banzi. Ndinalira ndili wokwiya choncho. Mutinta anagwira m'mphepete mwa bokosi n'kuyang'ana nthawi yaitali mpaka anthu a pambuyo anayamba kukankhana.

Ulendo wa kumanda unatsogozedwa ndi maminibasi. Anayenda pang'onopang'ono magetsi akuthwanima, mahutala akulira, makondakitala atalendewera pazitseko akuitana dzina la Mubita ngati akuitanira okwera. Anadutsa dala pasiteji pomwe anagwera, ndipo ogulitsa onse anaimirira. Kumbuyo kunali lole ya amayi akuyimba, kenaka magalimoto a achibale. Fumbi linatikuta tonse. Ndinali pampando umodzi ndi ba Inonge, maondo athu akugundana.

Kumanda kulibe mthunzi. Dothi linali louma ngati njerwa, ndipo okumba anali atakhala pamulu thukuta likuyenderera. Bokosi linatsitsidwa, abusa anapemphera, anyamata anayamba kukwirira mosinthana mafosholo. Mutinta anakhala pamphasa pafupi ndi dzenje, ana ake atam'tsamira. Atamaliza kuumba mtumbira, amalume anaimirira ndi chipewa m'manja. Ananena komwe Mubita anabadwira, sukulu yomwe anaphunzira, zaka zomwe anayendetsa galimoto popanda ngozi. Kenaka anatsokomola, anayang'ana kwa ba Inonge, n'kunena kuti mwana wathuyu watisiya ndi nthenda ya mtima, ndipo amayi amene muli pano muphunzirepo, muzisamala zimene mukuphikira amuna anu, chifukwa mazira a tsiku ndi tsiku ndi amene atigoneka pano.

Sanatchule dzina, koma mitu yonse inatembenukira pamphasa. Ndinaona mwana wamkazi wa Mubita, wazaka khumi ndi ziwiri, akudzutsa mutu paphewa la amayi ake n'kuwayang'ana kumaso. Kuyang'ana kumeneko ndiko kunandiimiritsa.

Kwathu mkazi sayankhula pamanda ngati sanaitanidwe, makamaka wamng'ono pabanja. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinadutsa pakati pa amayi, ndinakaima pambali pa amalume, ndinawomba m'manja mwaulemu monga timachitira, kenaka ndinakweza bulauzi yanga pang'ono pamwamba pa chitenje. Pamimba panga pali timadontho takuda ndi timabala ta singano ta zaka zambiri. Amuna ena anayang'ana kumbali. Wina anafuula kuti andigwire.

“Ba malume, nipempako, onani apa. Ine nili na shuga, yamene inali na ba Mubita, yamene inatenga batate. Mazira nimadya, na lelo kuseni nadya. Nyeleti nimabaya siku iliyonse. Ine naimilila pano. Ba Mubita banaleka nyeleti, banayamba mabanzi na juwisi na mizyu, bali umo. Ba dokota banakamba ati shuga inali pamwamba maningi. Uyu mukazi anagwada pansi kubapapata kuti babwelele ku mankwala. Sanapaye muntu. Wamene anabauza kuti baleke, aziziba eka.”

Mawu anga anatuluka okwera kuposa mmene ndinafunira, ndipo kumapeto anasweka. Ndinatsitsa bulauzi. Ba Inonge anaimirira nkhope itasintha, ndipo anandiuza m'Chilozi mawu omwe sindilemba pano. Woitana mayina a oika nkhata anangoti kakasi, maso ali kwa amalume, osadziwa kuti ayambe ndi ndani.

Anatipulumutsa ndi mayi wa tomato uja. Anatuluka m'gulu ndi ufa m'dzanja, anapita molunjika kwa ba Inonge n'kuwapaka pamphumi mpaka pamphuno.

“Nkalani pansi imwe ba Lozi, mwakamba maningi. Nsomba ndiye muziba, osati vipatala.”

Pamwambo wathu ba Inonge sakanatha kum'bwezera. Anakhala pansi ufa uli kumaso, ndipo ena anaseka chifukwa chosowa chochita. Mayi uja anatola nkhata yaikulu ya maluwa ofiira, anaipereka m'manja mwa Mutinta, n'kundikodola. Tinam'dzutsa awiri. Anayenda yekha kamtunda kotsalako, anagwada, anaika nkhata kumutu kwa manda, n'kusalaza dothi ndi chikhatho. Pamenepo woitana uja anapeza mawu ake ndipo anaitana ana. Oyendetsa maminibasi atafika poika yawo, wamkulu wawo anayamba wagwada pamaso pa Mutinta n'kuwomba m'manja, anzake onse n'kutsatira.

Pobwerera sindinakwere galimoto ya banja. Ndinakwera lole ya amayi, ndipo m'njira mayi wina yemwe sindimudziwa anandinong'oneza kuti mwamuna wake nayenso anasiya mankhwala a shuga, n'kundifunsa tsiku lomwe timapita kukiliniki. Ena sanandiyang'ane n'komwe. Mkazi wa amalume ananena mokweza kuti ana a m'tauni alibe mwambo, amavula pamanda. Ndinamuyankha kuti mimba ndi yanga, ndipo yaona zambiri kuposa maso ake.

Pageti tinasamba m'manja m'beseni, anthu n'kukhala m'magulu kudya. Ine ndinalowa m'nyumba kukamwa madzi, ndipo m'khonde la kuchipinda ndinapunthwa pa matumba atatu akuluakulu. Pamene tinali kumanda, atsikana awiri omwe anatsala pakhomo anali atalongedza zovala za Mutinta, nsapato zake ndi mapoto ake, monga ba Inonge anawalamulira m'mawa. Sindinafunse munthu. Ndinakoka thumba loyamba kulowa nalo kuchipinda, ndinalikhuthula pabedi n'kuyamba kupachika madiresi muwadiropu, pambali pa malaya a Mubita.

Ba Inonge anandipeza ndili pathumba lachiwiri. Anali atasamba kumaso koma ufa unatsalira m'nsidze. Anaima pakhomo.

“Iwe Monde, ndiwe mubale wa ndani?”

“Wa ba Mubita, ba sisi. Iyi ni nyumba yao, uyu ni mukazi wao.”

“So ni ine nabapaya?”

Funso limenelo linandilasa, chifukwa mayi ameneyu anagulitsa nsomba padzuwa kuti ife tiphunzire. Ndinawauza kuti Mubita anali ndi makutu ake ndi nzeru zake, ndipo anasankha yekha. Ndinawauzanso kuti botolo lija anabwera nalo ndi iwo, ndipo sindinganamizire Mutinta kuti iwo agone tulo. Anakhala pamphepete pa bedi n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni komwe sanalire chifikireni. Sindinawatonthoze ndipo sindinawathamangitse. Ndinapitiriza kupachika zovala. Amalume anasuzumira, anaona matumba opanda kanthu, n'kunena motsitsa mawu kuti nkhani ya ku Kalomo isiyidwe kaye. Ndinawayankha kuti isiyidwe mpaka kalekale, ndipo sanatsutse.

Madzulo anthu anabalalika. Amuna anagwetsa tenti, a mpingo anatenga mabenchi awo, amayi a Chitonga anatsuka mapoto n'kutinyoza komaliza asanapite. Ba Inonge anatenga chikwama chawo n'kukagona kwa msuweni wathu ku Linda, osanditsanzika. Mwina sadzandiyankhulanso chaka chino, mwina mpaka tidzakumane pamaliro ena. Zimandiwawa, koma nditati ndibwerere pamanda paja ndingakwezenso bulauzi.

Pabwalo panatsala phulusa, mafupa a nkhuku ndi udzu woponderezedwa. Magetsi anabwera mwadzidzidzi, filiji n'kuyamba kulira m'nyumba yopanda mawu. Ana anagona pasofa asanavule nsapato. Ndinakhala pansi m'khonde nditatambasula miyendo, mutu ukuzungulira, manja akunjenjemera pang'ono, ndipo ndinkaganiza kuti ndi kutopa chabe.

Chitseko cha kuchipinda chinatseguka. Mutinta anatuluka chitenje chili m'mapewa, mutu uli poyera kwa nthawi yoyamba. Anandiyang'ana manja, kenaka kumaso, ndi maso a munthu amene wakhala zaka zambiri akuyang'anira wodwala. Mawu ake anali osasa chifukwa chokhala masiku osayankhula.

“Ba mulamu, mwadya? Nyeleti ya usiku mwabaya?”

Ndinali ndisanadye chilichonse chichokereni kumanda. Mlongo wanga ankafunsidwa zomwezo m'khonde lomweli ndipo ankanama. Ine ndinamuuza zoona, kuti ayi, ndipo anandigwira dzanja n'kundidzutsa.